Phala la Amao

Lolemba

Ndadzuka m'mawa, kukhitchini kulibe utsi. Ndaganiza kuti mwina amake Halima adwala. Iyayi, ali bwinobwino, akusita mayunifolomu. Ana ali pamkeka, aliyense ndi mbale yake, akudya chinthu cholira m'kamwa ngati mbuzi ikutafuna makoko ouma a nyemba.

Akuti dzina lake konifulekisi. Alamu anga, amene amaphikira azungu ku Limbe, anasiya bokosi lathunthu dzulo, ati ana alaweko. Ndasuzumira m'bokosimo. Ndi chimanga ndithu, koma chophwatalala, chouma gwa. Amangothira mkaka wa ufa wosungunula ndi madzi ozizira, basi kwatha. Osaphika! Mwana wa munthu kupita kusukulu m'mimba muli zii.

Ndaima pakhomo n'kuwauza zoona. Chakudya cha m'mawa chili ndi malamulo ake:
- chizipsa pamoto
- chiziotcha lilime ukapupuluma
- chizikhala m'mimba mpaka sitima ya masana itadutsa
- chisamalire

Phala la masiku ano nalonso ndilibe nalo mawu abwino. La ufa woyera, ukamafika pa siteshoni njala yayamba kale. La mgaiwa lothira nsinjiro, eya, limayesako. La mpunga n'la alendo. Koma phala lenileni ndi lija amao ankandiphikira kwathu ku Nselema ndili wamng'ono: lakuda pang'ono, lowawira kumapeto kwa lilime, la timchenga tolira m'mano, kenaka kakuwawasa kokoma kobwera mochedwa. Ndinkanyambita mbale mpaka amao kundilanda.

Halima, mwana wathu woyamba, wati, "Ababa, nkhani imeneyi munatiuza kale." Zainabu, wamng'ono, sanadzutse n'komwe mutu.

Amake Halima aika simbi pansi. Ati zaka khumi ndi zitatu akumva za phala limeneli, koma maso awo sanalionepo. Tapangana chonchi: ndiliphike ndekha sabata ino. Ana akamaliza mbale, bokosi lisadzalowenso m'nyumba muno. Likadutsa Lamulungu asanamalize, ine ndisadzatchulenso phala la amao mpaka kumanda. Ndavomera osaganiza kawiri. Ana anga sangakule osadziwa chimene chinalera bambo awo.

Liyenera kuti linali la mapira. Mtundu wake ndi umenewo.

Lachiwiri

Kumsika nthawi yopuma. Pachipata anyamata a chipani andibweza, khadi ya umembala ndaiwala m'jekete lina. Kupalasa njinga mpaka kunyumba, kutenga khadi, kubwereranso. Dzuwa la Balaka lilibe chisoni ndi munthu wovala tayi.

Mapira ndawapeza kwa mayi wina wa ku Phalula. Wayang'ana kofiya yanga yachisilamu, wayang'ana mapira, n'kufunsa, "Bambo, nanunso mwayamba kufulula?" Astaghfirullah. Ndamuuza kuti ndi a phala. Waseka mpaka kugwira phewa la mnzake wogulitsa tomato.

Kuchigayo akana. Ati kambale kamodzi sangalizire injini, komanso ufa wa anthu ena ungafiire. Kunyumba amake Halima andikumbutsa kuti pangano linali loti ndekha, ndipo mtondo uli kuseri.

Ndiye ndasinja. Ine, kalaliki wa pa siteshoni, munthu wogwira cholembera cha inki, lero munsi m'manja. Amayi a m'laini yonse apeza zochita pafupi ndi mpanda wathu. Wina akuyanika nsalu youma kale, wina akufunafuna nkhuku yomwe ili m'khola. Mmodzi wandiyambitsira nyimbo ya pamtondo, anzake n'kuvomera. Theka la mapira ladumphira pansi, nkhuku za eni ake zachita phwando. M'manja matuza anayi.

Lachitatu

Nditaswali m'mawa ndakoleza moto. Zaka zonsezi ndimaona ngati phala limaphikika lokha. Zimene ndaphunzira lero:
- ufa ukauthira m'madzi owira umapanga mibulu
- mibulu ukaithamangitsa ndi mthiko imakabisala pansi n'kupserera
- phala likamawira limalavula, ndipo limadziwa pamene pali diso

Ndagawa. Zainabu wafunsa ngati ndi dothi la kudambo. Halima wadya masupuni atatu chifukwa cha ulemu, n'kupempha madzi. Kenaka onse awiri akweza maso kuyang'ana bokosi lija pa kabati.

Koma chondidzidzimutsa si ana. Ndalawa ndekha. Si limenelo! Kupatula kupserera, ndi phala labwino ndithu, koma si la amao. Kuwawira kuja kulibe, timchenga mulibe. Ndakhala pa chitsa kuseri, mbale ili m'manja, mpaka ndachedwa kuntchito. Abwana ayang'ana ine, ayang'ana wotchi.

Kuntchito ndafunsa anzanga. Aliyense katswiri. A Phiri otembenuza njanji ati phala lakale linali la mawere. Che Wadi olondera ati ayi, la mchewere, ndipo atsala pang'ono kugwirana malaya. Mkulu wina wodikira sitima ya ku Salima, wosafunsidwa n'komwe, wati anthu a lero mano awo anafewa ndi buledi. A Phiri alonjeza kundibweretsera ufa wa mawere wa akazi awo.

Lachinayi

Ndazindikira kuti vuto ndi mpikisano. Mwana sangakonde phala pamene bokosi likumuyang'ana. M'mawa ndakhuthulira zotsalazo m'chitini, ndabisa kuseri kwa thumba la makala, bokosi ndanyamula kukataya kudzala.

Ndili pafupi kuliponya, a Matola oyandikana nafe, amene ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani kuno, atulukira ndi mswachi m'kamwa. Ayang'ana bokosi. Ayang'ana ine. Ati, "Achimwene, tambala ameneyo mukupita naye kuti?"

Ndatembenuza bokosi. Pali tambala! Wobiriwira, inde, si wakuda ngati wa pa nsalu za chipani zimene amayi amavala pokavina, koma tambala ndi tambala. Chiyambire Lolemba bokosili lili m'maso mwanga, ine osamuona. Anthu anapita osabwerera pa nkhani zochepa kuposa kutaya tambala kudzala. (Mzere umenewu ndiufufute.)

Ndati ndimakamukuntha fumbi. Ndamukunthadi, ndi mpango wanga wa m'thumba, a Matola akuonerera. Ati n'zosangalatsa kuona kuti ngakhale azungu ayamba kuzindikira. Andiperekeza mpaka pabalaza, asankha okha malo: pa shelefu, m'munsi mwenimweni mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko cha pakhoma. Ndiye bokosi lomwe ndimafuna kulithamangitsa lakhala pamalo aulemu kuposa chithunzi cha ukwati wathu. Amake Halima alowa kuchipinda, ndawamva akusekera mu pilo.

Za m'chitini zija ana azipeza asanasambe n'komwe.

Masana ndaona Che Jafali, ogulitsa matemba, akukwera basi ya ku Ntaja. Kwawo n'kufupi ndi kwathu. Ndawatuma kwa amao: mwana wanu akufunsa kaphikidwe ka phala lija munkamupatsa ali wamng'ono, akufuna aphikire ana ake. Mawu ochepa, omveka bwino.

Madzulo ndaphikiratu kuti mawa ndingotenthetsa. Ndayamba ndi mgaiwa, lalimba bwino. Nditathira ufa wa a Phiri lasungunuka lokha. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndavundikira.

Lachisanu

Ndavundukula mphika: zamadzimadzi, koma zonunkhira bwino. Ana alawa. Amaliza! Zainabu wapempha lina. Ndathamangira kwa amake Halima ndi mbale ziwiri zopanda kanthu, ina dzanja ili, ina dzanja ili.

Anunkhiza, alawa, andiyang'ana mwachisoni. Ufa wa akazi a a Phiri ndi chimera. Ndaphika thobwa. Ati pangano linali la phala, lodya ndi supuni, osati chakumwa cha pachinkhoswe. Ndatsutsa, ndati chotuluka mu mphika wa phala ndi phala basi. Afunsa funso limodzi lokha: "Ndi la amao?" Ndalawanso kawiri. Ndikanatha kunama, koma lero ndi Lachisanu. Si limenelo.

Kumzikiti ulaliki wandidutsa, mutu uli pa phala. Zimene mwina zikusowa:
- madzi a pachitsime cha kwathu
- mphika wadothi
- nkhuni za mtundu wina
- chidulo?

Kapena lilime langa ndi limene lakalamba. Lilime la munthu wodya masikono a pa siteshoni.

Pobwera ndapeza amake Halima atakhuthulira thobwa lotsala kudzala. Ati ndi kutentha kwa kunoku likagonanso lisanduka zina, ndipo safuna a m'laini azinena kuti amuna awo amasinja Lachiwiri n'kufulula Lachisanu. Kwatsala masiku awiri.

Loweruka

Ndimayembekeza yankho la pakamwa. Basi ya madzulo yatsitsa amao enieniwo.

Amao, ndi ukalamba wawo uja, anthu osakwera basi chifukwa imawachititsa chizungulire. Pamutu dengu la mpunga, kumsana thumba la ufa, m'manja nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Ndawalandira katundu, ndawapatsa salamu, ayankha theka. Alowa m'nyumba osakhala pansi. Agwira mkono wa Zainabu, aufinya, amuyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Achita chimodzimodzi ndi Halima. Kenaka kukhitchini. Avundukula chitini chathu cha ufa, alowetsa mkono mpaka m'chigongono. N'chodzaza.

Atembenuka. "Ntchito inatha liti?" Ndati ntchito ilipo, amao. "Usandibisire, iwe." Ndawaonetsa yunifolomu ili pa msomali, amake Halima andichitira umboni. Apo m'pamene akhala pansi, pa simenti penipeni. Akuti chilandirireni uthenga wa Che Jafali sanadye kanthu. Mpunga abweretsawu ndi wambewu, umene anasungira dzinja likudzali.

Ndafunsa za phala. Ati atopa, mawa.

Sindikumvetsa. Munthu wangofunsa kaphikidwe, iwo kunyamula mbewu?

Lamulungu

Tsiku lomaliza la pangano. Ndakoleza moto, ndatsuka mphika, ndaika mpando pakhomo la khitchini. Ndaitana amao kuti azingondiuza, ine ndizichita.

Ati zimitsa motowo.

Andiwerengera okha, ndikulemba monga anenera:
- madeya osesa pansi pa mitondo ya anthu amene anali nachobe chimanga, akamaliza kuwasinjira. Mchenga uja ndi umenewo
- nthangala za mango, zouma, zosinja, zoviika masiku awiri kuti kuwawa kuchepe, ngakhale sikunkatha konse
- tsinde la nthochi, likapezeka
- kaufa ka malambe pamwamba, kuti mwana asalavule

Mapira munalibe. Chinali chaka cha njala ija, ine ndili ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ababa atadutsa malire kupita kwa Apwitikizi kukafuna chakudya. Ndafunsa ngati iwo ankalikonda. Ati sanalilawepo, silinkakwanira anthu atatu.

Atatu? Ati, "Munali awiri odya phala limenelo, iwe ndi Asiyatu. Iwe unkalikonda."

Asiyatu ndi mlongo wanga wamng'ono. Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti anamwalira ndi malungo. Lero ndazindikira kuti inali njala. Amao angoti mphika umene ankaphikirawo anauswa okha mvula itagwa, ndipo dzanja lawo silidzaphikanso zimenezo ngakhale ndiwagwadire.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuima pakhomo kunyoza chakudya cha ana okhuta, n'kumatamanda chinthu chimenecho. Manyazi andigwira, tiyi wazizira m'kapu.

Amake Halima amva zonse, anali pakhonde. Pangano apambana, koma sanalitchule. Angotenga mpunga wambewu uja n'kuumanganso bwinobwino kuti ubwerere ku Nselema.

Kenaka Zainabu, wosadziwa kanthu, wabweretsera agogo ake mbale ya za m'bokosi zija. Amao ayang'anitsitsa, anunkhiza, afunsa kuti n'chiyani. Awauza kuti n'chimanga. Adikira kuti zifewe chifukwa mano anatha, kenaka ayamba kudya pang'onopang'ono. Ati, "Chimanga chokhachokha, chosasakaniza kanthu? Ana awa ali ndi mwayi."

Halima wafunsa ngati mawa ndiphikanso. Ndati iyayi, mawa mudye zimene mukufuna.

Ndakhala pamkeka kuyang'ana mbale zitatuzo mpaka zonse zatha, kenaka ndafunsa ngati pali wina sanakhute.