Khutu la Gwedeza

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Khalani pansi, ndipo amene wayamba kale kuseka andidikire.

Ku mapiri a Dedza kunali mlimi wa mbatata dzina lake Gwedeza, munthu wa dazi lonyezimira ngati chikho chatsopano. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a pachitsime. Koma mtima suona mtunda: anakonda Esinala, mkazi wa pachilumba, ndipo anayenera kukaonekera kwa akuchikazi.

Anakwera ngalawa ya thanga ya mkulu wina, Binali, atanyamula thumba la kachewere loti akapereke kwa apongozi. Mwera unawakankha bwino usana wonse, Gwedeza akungodzitama kuti nyanja ndi masewera.

Atayandikira dooko mphepo inaleka, thanga linafota. Pamchenga, pansi pa milambe, panaima Esinala ndi abale ake, akukupiza zitenje. Gwedeza anasuzumira m'madzi. Anali oyera mbee, miyala ndi tinsomba zikuoneka ngati ungazitole.

"Apa mpofika m'maondo," anatero, akumanga thumba kumsana. "Ine nditsogola wapansi. Apongozi aone kuti akulandira mwamuna."

"Achimwene, khalani pansi," anatero Binali. "Madzi a kuno amanama. Pamenepa nangula amapita chingwe chonse."

"Kodi maso ndi anu nokha?"

Binali anamutsina khutu pang'ono, monga tichitira ndi mwana. "Mwamva kodi?"

Gwedeza anapsa mtima. "Mukunditsina pamaso pa akuchikazi? Ndinu mdani wanga inu!" Atatero anaponya mwendo kunja.

Phava! Munthu uja anangoti zii, mbatata zikumukokera pansi. Kumtunda nthungululu zinasanduka maliro. Binali anadumphira m'madzi, nadula chingwe cha thumba. Pofuna kumugwira tsitsi, dzanja linangoterereka padazi. Anagwira malaya, malaya anang'ambika. Chotsala chinali khutu lomwe lija. Analikoka ndi mphamvu zonse mpaka mutu unatulukira, ndipo anzake amene anatsala m'ngalawa anawakwezamo.

Gwedeza anafika padooko atagona chafufumimba, akulavula madzi, wopanda malaya, wopanda mbatata, khutu limodzi litatupa ngati chitumbuwa. Esinala analira, kenako anaseka, kenako analiranso.

Amalume a mkaziyo, pofuna kumuyesa, anafunsa kuti, "Mkamwini, tamva kuti mwini ngalawa wakuchitani chipongwe. Timuzenge mlandu?"

Gwedeza anakwawa n'kugwira miyendo ya Binali, misozi ili chuchuchu. "Mlandu wanji? Akanakhala waulemu, bwenzi pano ndili ndiwo ya nsomba. Bambo, khutu linzakeli lilipo, mukafuna tsinaninso."

Ukwati unachitika, ndipo chaka chilichonse thumba loyamba la kachewere linkawoloka nyanja kupita kwa Binali. Ineyo ndinamuona Gwedeza atakalamba, khutu lakumanja likadali lalitali kuposa linzake. Ana tikamaliloza sankakwiya. Ankangolisisita mwachikondi n'kunena kuti, "Musaseke, ana inu. Wakutsina khutu ndi mnansi."