Mmene ndinawasiyitsira mowa malume anga iwo osadziwa

Mpaka lero malume anga akamapita kukasamba, foni yawo amalowa nayo kubafa. Anti amaganiza kuti pali kamkazi. Palibe kamkazi. Pali ine.

Ndinabwera kudzakhala nawo ku Chirimba nditangolemba mayeso a Fomu 4 kwathu ku Phalombe, pasukulu imene kompyuta tinkaiphunzira itajambulidwa ndi choko pa bolodi. Pondiperekeza pa siteji, amayi anandiuza kuti kwa eni sakana ntchito, ndipo ndisakabwerere kumudzi ndi mbiri yoipa. Malume, alongo awo a amayi, amagwira ntchito kosungira katundu ku Makata. Tsiku lomwe ndinafika anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mphwanga, kuno n'kutauni. Ukalakwitsa, minibasi za ku Phalombe sizisowa ku Limbe." Iwo anaseka. Ine sindinaseke, ndinasunga mawuwo.

Ndiye ndinkasesa, kusita, kukatunga madzi mpopi ukauma, ngakhale kutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Koma mtima unkafuna kuchita chinthu chachikulu choti malume anene kuti mwana uyu asachoke pakhomo pano.

M'nyumbamo munali laputopu yakale imene inkangoyaka magetsi akakhalapo. Ndinapeza mavidiyo ophunzitsa kupanga mapulogalamu a mufoni, ndipo nthenda inandigwira. Popeza bandulo inali yosowa, ndinkapita m'tauni kukaima pakhoma la sitolo ina yomwe intaneti yake inkatayikira panja, n'kumanamizira kuti ndikudikira munthu (mlonda wa pamenepo anafika poyamba kundipatsa moni ngati wantchito mnzake). Pulogalamu yanga yoyamba inali batani limodzi. Ukalidina, foni inkalemba kuti "Zikomo." Ndinakawaonetsa anti. Anadina, anawerenga, anadinanso.

"Basi?"

"Basi, anti."

"Chabwino. Ukatha kuthokozana ndi foniyo ukagule makala."

Mwayi wanga unabwera pa chakudya cha madzulo. Anti anaika mbale patebulo mwamphamvu pang'ono n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, amayi akudandaula. Akuti chikwatirire inu simunawapatsepo moni pa foni. Akufunsa ngati munamva kuti anamwalira." (Tadala ndi kamwana kawo. Sikalowa m'nkhaniyi, ndipo ndi kokhako kamene kanatuluka kopanda banga.)

Amayi awo a anti amakhala ku Nsanje. Ine ndimawatcha agogo. Ali ndi kafoni ka mabatani ndipo kulemba mameseji amakudziwa kuposa achinyamata. Malume amawaopa monga mmene mkamwini aliyense wanzeru amaopera apongozi ake: akamva dzina lawo amakhala tsonga ngakhale ali okha m'chipinda.

M'mawa mwake ndinawapeza malume akupukuta nsapato. Ndinagwada pambali, ndinatsokomola kawiri, kenako ndinati, "Malume, foni yanu ikhoza kumawapatsa moni agogo yokha m'mawa uliwonse."

Anasiya kupukuta. "Yokha? Ine osaigwira?"

"Osaigwira, malume."

Anayang'ana kukhitchini, kenako anandipatsa foniyo mobisa ngati akundipatsira chamba. "Anti ako asadziwe."

Zimene tinagwirizana zinali moni basi. Koma ine ndinaleredwa kumudzi, ndipo ndimadziwa kuti moni sathera pa kufunsa. Wamkulu akayankha, iwe sungangokhala chete ngati chitsa. Ndiye ndinawonjezerapo pang'ono, monga amachitira mayi wogulitsa tomato akakukonda. Ndinaiuza foniyo kuti agogo akalemba mawu ofunsa za moyo, iziyankha kuti, "Tadzuka bwino amayi, kaya inu?" Akatchula matenda kapena maliro, iziti, "Pepani kwambiri amayi, Ambuye akhale nanu." Nanga akalemba zina zilizonse? Apa ndinaganiza nthawi yaitali. Ndinadzifunsa kuti ineyo, munthu wamkulu atandiuza chinthu chimene sindinachimvetse, ndingayankhe chiyani? Ndinalemba kuti, "Palibe vuto amayi."

Ndinachitanso chinthu china chimene ndinkachinyadira kwambiri. Kuti malume asamasokonezedwe kuntchito, ndinakonza zoti mameseji a agogo asamalire kapena kuonekera, azingolowa mwakachetechete m'kabokosi ka m'kati mwa pulogalamuyo. Mukufunsa ngati ine ndinkatsegula kabokosiko? Ndingawerenge bwanji zokambirana za munthu ndi apongozi ake? Ndinaleredwa bwino ine.

Zipatso sizinachedwe. Lamulungu lina anti anapha nkhuku popanda mlendo. Anawaikira malume nthutumba ndi ntchafu zonse ziwiri, akuwayang'ana ngati angokwatirana kumene.

"Amayi akuti mwasintha. Akuti mumawadzutsa ndi moni, ndipo iwo akayankha inu mumabwezanso, mpaka amatopa ndi iwo. Akuti galu wa aneba awo atadwala munawapepesa mpaka kutchula Ambuye."

Malume anatsamwa pang'ono, koma anameza. "Galu nayenso ndi cholengedwa, amake Tadala."

Pansi pa tebulo anandiponda phazi mwachikondi, ndipo anandiponyera phiko m'mbale. Tsiku limenelo ndinadziona ngati munthu amene Phalombe yense adzamumve pa wailesi.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba foni, Loweruka lina m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha malata. Malume anali atavala malaya a timu yawo, akukonzekera kukaonera mpira kumalo awo omwera. Foni ya anti inalira. Anamvetsera, kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amayi ali pa depoti ku Limbe. Akuti munawauza kuti mukawachingamira."

"Ine?"

"Akuti mwachedwa, mbuzi yayamba kuvuta."

"Mbuzi yanji?"

Ine ndinali nditagwira tsache.

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Limbe, tonse atatu. Njira yonse malume ankangondiyang'ana kudzera pa galasi la dalaivala.

Agogo tinawapeza atakhala pa thumba la mapira pakati pa phokoso la oitanira, ambulera ili pamutu, chingwe cha mbuzi chili kumwendo kwawo. Atawaona malume anaimirira, chinthu chimene anti akuti sanachionepo chibadwire.

"Akamwini anga! Mwana wanga weniweni!"

Malume anavula chipewa, anagwada pafumbi chapatali, akuwomba m'manja. "Mwayenda bwanji, amayi? Sitinadziwe, ndikutanthauza kuti, sitinadziwe kuti mufika msanga chonchi."

"Ndikanachedweranji inu mutandiitana? Kwathu kwatentha, nkhuku zikuikira mazira owiritsa kale. Ndinati, akamwini, ndibwere ndidzakhale kwanuko kozizira mpaka mvula itagwa? Munati chiyani?" Anatulutsa kafoni m'kansalu, anakatalikitsa ndi maso, n'kuwerenga mokweza kuti depoti yonse imve: "Palibe vuto amayi."

Malume anamwetulira ndi mano okha.

"Ndinati, mbuzi yangayi ndilibe woisiyira. Palibe vuto amayi. Ndinati, msana wangawu sufuna mphasa, mundipatse bedi lanu lalikulu lija. Palibe vuto amayi. Ndinayesa dala kupempha zambiri kuti ndione pamene mukwiyire. Simunakwiye!"

Anthu anali atayamba kutizungulira. Mnyamata wina wogulitsa madzi anasiya malonda ake n'kudzaima pafupi. Agogo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye ndinalimba mtima. Ndinati, akamwini, chinthu chimodzi chimandisowetsa tulo. Mowa. Musiye, ndipo mukaime kutsogolo kutchalitchi mukanene pamaso pa anthu." Anakweza kafoni kaja m'mwamba ngati chikho cha mpira. "Werenga wekha, mwana wanga!"

Anti anawerenga. Anaponya chikwama pansi n'kuyamba kululutira pakati pa depoti ya Limbe. Amayi ena ogulitsa nthochi, osadziwa n'komwe nkhani, analulutira nawo. Woitanira wina anakuwa kuti, "Madala asiya! Aise, bwera udzaone munthu wosiya mowa Loweruka!" Wina anabwera kudzawagwira chanza malume akadali chigwadire.

Malume anatembenuza khosi n'kundiyang'ana. Ine, posowa chochita, ndinawomba nawo m'manja.

Pobwerera, kondakitala anati mbuzi ilipira mpando wake pokhapokha wina aifukate. Simukufunika kuuzidwa amene anaifukata. Inanditafuna kolala kuchokera ku Limbe mpaka ku Chirimba, ndipo penapake pafupi ndi m'tauni inandichitira chinthu chofunda pamiyendo. Sindinadandaule. Ndinkaganiza za minibasi za ku Phalombe, ndi nkhope ya amayi pondiona ndikutsika ndi kachikwama kanga.

Titafika, agogo akuyesa bedi ndipo anti akuimba nyimbo kukhitchini, malume anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Tsegula."

Ndinatsegula kabokosi kaja. Anawerenga chiimirire, milomo ikuyenda. Penapake anagwira khoma.

"Ndavomeranso kuti Tadala akadzakula adzakwatiwe ku Nsanje?"

"Zikuoneka choncho, malume."

"Iwe, sunaganize zoiphunzitsa foniyi kukana?"

Kunena zoona, maganizo amenewo sanandifikepo. Ndinati, "Ndikalongedze katundu, malume?"

Anayang'ana mbuzi, nayo ikutiyang'ana. Kenako anapuma mozama. "Ndikakuthamangitsa, anti ako afunsa chifukwa. Ndikanena chifukwa, adziwa kuti amayi awo ndinali ndisanawapatsebe moni, ndipo nkhuku ija ndinaidya mwachinyengo. Sukupita kulikonse. Ukhala pompano uzionera zimene wachita."

Ndinaonera ndithu. Agogo anatenga chipinda chachikulu, malume ndi anti anasamukira m'kachipinda kanga, ine ndinapita pabalaza pansi pa tebulo. Ntchito yodyetsa mbuzi m'mbali mwa ngalande za Chirimba inakhala yanga. Lamulungu malume anaima kutsogolo kutchalitchi atavala jekete, nanena ndi mawu a munthu wopita kokanyongedwa kuti asiya. Mpingo unaimba. Anzawo a kumowa, amene anabwera dala kudzaona ndi maso awo, anakhala benchi lakumbuyo akugwedezeka mapewa.

Pulogalamu ija malume anandiuza kuti ndiifufute iwo akuona. Kenako anayamba kundiphunzitsa. Loweruka lililonse, nthawi imene kale ankakhala kumpira, ankakhala pakhonde ndi kapu ya thobwa, ine nditakhala pansi.

"Mphwanga, munthu amafunika kudziwa kukana. Nena kuti ayi."

"Chabwino, malume."

"Osati chabwino! Ayi!"

"Pepani, malume."

Anagwira mutu. Mvula nayo, ngati inamva nkhaniyi, inakana kugwa.

Tsopano anti ali ndi mng'ono wawo amene anakwatiwa ku Bangwe. Mwamuna wake, bambo wodzitama amene amayendetsa galimoto ya kampani, anayamba kuvutika. Agogo ankamuimbira mwana wawoyo tsiku ndi tsiku kumufunsa chifukwa chake mwamuna wake sangafanane ndi akamwini a ku Chirimba. Tsiku lina bamboyo anabwera yekha, anawakokera malume pambali, ndipo ndinamva akunong'ona kuti, "Achimwene, chinsinsi chake n'chiyani? Kunyumba kwanga sikukudyeka."

Atachoka, malume anabwera pamene ndinkamangirira mbuzi. Nkhope yawo inali ikuwala koyamba chichokereni ku Limbe.

"Mphwanga. Kapulogalamu kaja unakafufuta m'foni mwanga. Mu laputopu kakadalimo?"

"Kalimo, malume."

"Osasintha kalikonse? Mayankho onse atatu?"

"Onse, malume."

"Ndi kabokosi kobisa kaja?"

Ndinadziwa kuti nthawi yogwiritsa ntchito mawu amene ankandiphunzitsa pakhonde aja yakwana. Ndinawamva akukwera kuchokera m'mimba, anafika pakhosi, anagunda mano. Malume anandiyang'ana mwachikondi, n'kutulutsa ndalama ya minibasi ya ku Bangwe.

Ndinapita.

Pulogalamu italowa m'foni ya bambo aja, agogo anasamukira ku Bangwe mwezi usanathe. Ndikumva kuti bambo aja anavomera kuwatengera ku Nsanje pagalimoto nthawi iliyonse akafuna kukaona munda, ndiponso kulowa kwaya ya abambo. Malume anabwerera pa bedi lawo, ine m'kachipinda kanga. Mowa sanayambirenso poyera, chifukwa mpingo wonse wa ku Chirimba umawalondera. Mbuzi agogo anaisiya, akuti yandizolowera.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti pulogalamu imatengera khalidwe la amene waipanga, monga mwana amatengera mphuno ya bambo ake. Ndikuyesetsa kusintha. Dzulo bambo a ku Bangwe anandiimbira foni, mawu awo ali ozizira bwino, n'kunena kuti akufuna ticheze pang'ono, awiriwiri, pamalo opanda anthu.

Ndawauza kuti ndifika Loweruka.