Mabelingi a Kagalimoto ka a Kenan

Nzeru imeneyi inabadwira pa masese ku Chimbiya, Loweruka masana, ndipo mwini wake anali Gervazio. Ankamutcha Injiniya chifukwa anatsukapo mabasi ku Limbe asanamuthamangitse. Mnzake Damiano, wodziwika pamowa kuti Chigubu, ankavomera chilichonse bola chipanda chikuzungulira.

"Amwene, mawa umphawi tikutsanzikana nawo," anatero Gervazio. "Kagalimoto ka mpikisano kamene a Kenan anabwera nako kuchokera ku Joni kaja kali m'shedi kuseri kwa sitolo yawo. Anthu akalowa m'tchalitchi, ife tikakankhira kumsewu. Dalaivala wa lole ya mbatata ndapangana naye kale."

"Tikaliza injini?"

"Unaona wakuba akuliza injini iwe? Tikankha mwakachetechete."

Gervazio anali mkamwini pamudzipo. Itatha nkhani yoba mbuzi ya eni, mkazi wake Jestina anamuuza mosabisa kuti akadzangomuchititsanso manyazi kamodzi, ukwati watha, azipita kwawo. Iye ankaona kuti ulendo uno sangagwidwe, poti nzeru zinali zake.

Lamlungu, belu la Misa litangosiya kulira, anathyola loko. Kagalimotoko kanali kofiira, kafupi, mpando wake wotsala pang'ono kukhudza pansi. Atangokakankha kanalira kwii, kwii, mpaka nkhuku za panja zinabalalika.

"Tingokanyamula," anatero Damiano.

"Ndi injini yakeyi? Msana wako ulibe ntchito?" Gervazio anagwada nagwedeza wilo. "Mabelingi auma. Taona fumbi ili. Munthu kukhala ndi chinthu chotere osachisamala, limeneli ndi tchimo."

Pashelefu panali masipanala, palafini ndi chitini cha girisi. Wakuba wanzeru akanangopaka pang'ono n'kumapita. Injiniya anavula jekete, nachotsa mawilo onse, nayamba kumasula mabelingi, tizitsulo tokhala ndi timipira mkati tothandiza wilo kuzungulira.

"Pakani girisiyo tizipita, bwana."

"Girisi pamwamba pa dothi? Limenelo ndi phala, amwene. Umayamba watsuka ndi palafini, kampira kalikonse pakokha. Upukute, ziume. Kenako girisi, koma osadzaza, akachuluka amatenthetsa. Kweza kumbuyoku, usatsitse."

Damiano anakweza kagalimotoko ndi manja onse awiri. Gervazio ankati akatsuka kampira kachitsulo n'kukapukuta, ankasowa pokaika, chifukwa pansi ponse panali fumbi.

"Gwira iti."

Damiano analibe dzanja lopanda ntchito. Anachita zimene mmisiri wa matabwa amachita ndi misomali: anayasamula, timipirato n'kumatisunga mkamwa. Posakhalitsa masaya ake anafufuma.

Misa ya tsikulo inali ndi ubatizo, koma ngakhale Misa yaitali imatha. Gervazio sanamve nyimbo yotulukira. Anali atayang'anitsa belingi padzuwa, akumwetulira mmene linkawalira.

"Patse sipanala," anatero, atatambasulira dzanja kumbuyo. Anailandira. "Osati iyi, yaing'ono."

"Pepani a Injiniya. Iyi?"

Anali a Kenan, mu suti yawo ya Lamlungu, ndipo kumbuyo kwawo kunali theka la mpingo. Damiano anafuna kupereka moni. Kunangomveka kuti gwidi.

A Kenan anayang'ana mawilo, nayang'ana mabelingi opanda kanthu mkati. "Ntchito yabwino ndithu. Nanga timipira tili kuti?"

Damiano analoza pamimba pake.

"Timeneto sitipezeka ngakhale ku Blantyre, ndipo mpikisano uli Loweruka likubwerali," anatero a Kenan mofatsa. "Apolisi ayambe adikira. Munthu uyu sachoka pano mpaka katundu wanga atatuluka. Muthyolereni mapichesi, adye mpaka akhute. Wotsuka wake tili naye kale, ndamumva ndekha kuti amadziwa."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Jestina sanaseke. Anadutsa pakati pawo, kolona ili m'manja, nayang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Kenan, mukathana nawo awa muwalozere njira ya kwawo. Kwathu asafikeko."

"Mayi, tandimverani kaye," anayamba Gervazio.

Sanamalize. A Kenan anali atamupatsa kale beseni ndi kamtengo kofufuzira timipirato tikatuluka.