Kampani Yotulutsa Alamu Anga

Lolemba
Basi, zakwana! Nyumba yanga ya lendi ku Kandeu sindiyendetsanso ndekha. Alamu anga a Nyoni, achimwene awo a mayi a kunyumba, analowamo "kwa miyezi iwiri yokha." Chino n'chaka chachitatu. M'bafa akuweteramo nkhuku. Ndikati ndiyankhule, mayi akutsokomola. Ndikufuna kampani yoyang'anira nyumba, mlendo wopanda manyazi akawatulutse. Zofunika:
1. Asawadziwe alamu.
2. Asadye kwa alamu.
3. Asamaseke.

Lachiwiri
Ndachoka ku Bwanje m'mawa, ndili pa boma. Kampani yoyamba: tebulo limodzi, chidindo chachikulu. Bamboyo akumva Kandeu, nkhope yawala. "A Nyoni a besi aja? Tinkaimba nawo kwaya!" Ndatenga chipewa changa.

Lachitatu
Yachiwiri ndi ya ku Lilongwe, ya pafoni. Akufuna zithunzi za nyumba. Foni yojambula ku Kandeu ali nayo ndani? Alamu. Atumiza zisanu, chilichonse alimo okha, atavala jekete. Kampani ikufunsa ngati bambo aulemuwo ndi eni nyumba. Sindigonja!

Lachinayi
Ndawapeza! Mayi a magalasi a kampani yachitatu, ochokera ku Balaka. Ku Kandeu sanapondeko. Kwaya saimba. Ndayesa nthabwala ziwiri, sanaseke. Ndasaina.

Lachisanu
Mayi a magalasi aja ali ku Kandeu ndi kalata yotulutsa alamu. Ine ndabisala pagolosale. Alamu akuyala mkeka, akuwomba m'manja, moni wautali. Kenako funso lija la kwathu kuno: "Nanga mfunda ndi ndani, mayi?"
Mayiwo akuyankha: "Nanyoni." Mfunda umodzi ndi a Nyoni, ndiye kuti pachibale!
Ndinafunsa za laisensi, za ofesi, za kwaya. Za mfunda osafunsa, ine mwana wa ku Ntcheu!
"Mlongo wanga!" Mawu a besi akumveka mpaka pagolosale. Nkhuku imodzi yatuluka m'bafa, sibwereranso.

Loweruka
Lipoti lafika. Wokhala m'nyumba ndi munthu waukhondo. Kutulutsa munthu denga likudontha si bwino. Mwini nyumba akonze denga msanga. Ndawerenga kawiri: mwini nyumba ndi ine. Mayi a kunyumba akuti, "Mumadandaula nkhuku, si izo zayamba kuchepa?" Sindikhoma msomali ngakhale umodzi. Alembe!

Lamulungu
Malata awiri panjinga, chitunda chonse ndikukankha. Makwerero akundigwirira alamu. Pansi mlongo wawo watsopano akuloza pamene ndalakwitsa, ndipo lero akuseka.
Kampani ndi yabwino, imagwiradi ntchito. Ikuyang'anira ine.