Mawashala amene anatsuka Dalitso

Mlandu umene mwana wanga Dalitso wausenza kuyambila ali wokwawa ndi wanga. Lelo ndiulule, mwina mtima ungakhale pansi.

Amuna anga ndi aphunzitsi kuno ku Nyimba, ndipo amasunga galimoto yakale ya vanete imene anasiya malemu atate awo. Tsiku lina anamasula matayala akutsogolo kuti asinthe makingipini, zitsulo zimene tayala limakhotelapo. Zonse anaziyala pakhonde pa masaka awili, lakumanzele ndi lakumanja, lililonse ndi timawashala take, tizitsulo topyapyala toika pakati kuti tayala lisagwedele. Popita kusukulu anandiuza kuti ndisakhudze kanthu.

Masana foni inalila: apongozi anyamuka ku Mwape, afika madzulo. Ndinayang'ana khonde lija, gilisi ponseponse. (Amene munakwatiwa mukudziwa kuti apongozi sayamba ndi moni, amayamba ndi khonde.) Ndinathila zitsulo zonse m'beseni limodzi, sopo, kukwecha mpaka zinawala. Pobwezela m'pamene ndinaona vuto. Kawashala aka kanali mbali iti? Ine wa satifiketi ya kukoleji ndinachita chilungamo: ndinagawa mofanana, ngati mbatata kwa ana.

Madzulo amuna anga anamanga zonse, apongozi akuonelela. Atagwedeza tayala lakumanzele, linachita gwedegwede. Lakumanja linakana kukhota. Iwo anakanda mutu nati mwina zidzakhazikika panjila, popeza m'mawa mwake tinali ndi ulendo wa ku Petauke, tonse ndi mwana.

Panjila! Msewu uja wa mathilaki ndi zitunda! M'maso mwanga ndinkaona tayala likutisiya, Dalitso ali pamiyendo panga. Kuulula pamaso pa apongozi kunandikanika. Kukhala chete ndiye kupha mwana.

"Atate ake Dalitso," ndinatelo, "musayendetse galimoto. Mwana anakwawila pamasaka paja, anasakaniza timawashala."

Anatola kamodzi kotsala, n'kukatembenuza padzuwa lolowa. Kankawala ngati ndalama yatsopano. Anakanunkhiza.

"Anatsukanso ndi sopo?"

Amene anandipulumutsa ndi apongozi. Ananyamula mdzukulu wawo n'kuyamba kumuvinitsa, ati watengela agogo ake aamuna, amenenso sankagona osagwila sipanala. Amuna anga anakweza jeki, namasulanso zonse, ndipo Loweluka lonse linathela kuyesa kawashala aka, kuchotsa ako, mpaka matayala onse anakhota mofewa popanda kugwedela. Ku Petauke tinapita pa basi.

Masiku ano ku Mwape konse mwana wanga amamuitana kuti amakanika. Kunyumba nako, mbale zikachuluka m'beseni, amuna anga amangoti, osandiyang'ana, "Itanani Dalitso, amatsuka bwino."

Galimoto ili bwino, mwana ali moyo, koma tsiku lina adzakula n'kufunsa za dzina lakelo. Inu anzanga, ndinalakwa kodi?