Vinyo Amene Ndinamuyanika Pawindo

Mkazi wanga akafuna kunditseka pakamwa masiku ano satalikitsa nkhani. Amangoti, "Bambo, tiligoneke kapena tiliimike?" ndipo ine ziii, ngati ndameza munga wa chambo. Mwina ndikaulula ndekha pano adzasiya, ngakhale ndikukayika.

Mng'ono wanga Fanuel anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri ku Joni, pa famu ina ya mphesa. Atabwera kudzationa kuno ku Senga Bay chaka china, anatulutsa botolo m'chikwama, lokulungidwa mu juzi, n'kulinyamula ngati khanda.

"Achimwene, uyu si vinyo wamba ayi," anatero. "Mphesa zake ndi za munda umodzi wokha, kamunda ka paphiri, kamiyalamiyala. Sasakaniza ndi za kwina. Mitengo yake ndi yakale kuposa inu, imabereka pang'ono, timphesa ting'onoting'ono koma tokoma. Timathyola ndi manja dzuwa lisanatenthe, n'kusankha kamodzikamodzi. Zimawira ndi makoko ake omwe, n'chifukwa chake ndi wofiira chonchi. Kenako amagona m'migolo yamatabwa chaka ndi theka. Mphesa zili m'botolomu ndinathyola nawo ine."

Botololo anachita kupatsidwa ndi bwana wake, limodzi lokha. Anandipempha kuti ndimusungire mpaka tsiku lodzabwereratu kumudzi, tidzamwere limodzi. Malangizo anali atatu basi: ligone chammbali kuti chitsekerero chisaume, likhale pamdima, likhale pozizira. Ine ndine mphunzitsi, ndipo malangizo ndinazolowera kupereka, osati kulandira.

Fanuel atangokwera minibasi, mkazi wanga anati tiliike pansi pa bedi, pafupi ndi mtsuko wa madzi. Ndinapsa mtima. Chinthu cha mtengo wapatali chotere chikagone ndi nsapato? Ndinaliimika pamwamba pa kabati pabalaza, kuti aliyense wolowa adziwe kuti nyumba ino si yamasewera (nyumba yake yamalata, yopanda siling'i, imene mwezi wa Okutobala ngakhale buluzi amatulukamo kukapuma panja).

Alendo anayamba kufunsa, ndipo ine ndinayamba kuphunzitsa. "Munda umodzi," ndinkatero, chala m'mwamba. "Migolo yamatabwa." Mawu a Fanuel ndinawaloweza onse, kupatula malangizo atatu aja. Vuto linali lakuti pakabati panali kamdima, anthu ankavutika kuwerenga chipepala cha pabotolo. Ndiye ndinalisamutsira pawindo loyang'ana kunyanja, pamene dzuwa limafikira likangotuluka. Kunena zoona linkaoneka bwino zedi, kufiira kwake kumachita kuwala pakhoma.

"Bambo, kodi vinyoyo mukumuyanika ngati usipa?" anafunsa mkazi wanga, yemwe ntchito yake ndi yoyanika usipa ndipo dzuwa amalidziwa kuposa ine.

"Vinyo amakoma akamakalamba," ndinayankha. "Izi si za pathandala, mayi."

Chaka chachiwiri kunali ukwati wa msuweni wathu ku Chitala. Ndinaona kuti abale akumtunda akumanidwa mwayi, choncho ndinalitenga botolo lija. Linayenda pa kabaza, pa minibasi, pa kabaza wina, likukhutchumuka m'chikwama masana onse. Silinatsegulidwe. Linangokhala patebulo la akuluakulu ngati mlendo wolemekezeka, ine ndili pambali pake kufotokoza za miyala ya paphiri limene sindinaliponde.

Titabwerako ndinaona kadontho kakuda katatsetsereka kuchokera pakamwa pa botolo, nyerere zitandanda. Munthu wanzeru akanaimbira foni mwini wake. Ine ndinapukuta, n'kudonthezerapo kandulo, n'kulibwezera pawindo. Fanuel akaimba n'kufunsa kuti, "Likugona bwino?" ndinkati, "Ngati mwana." Bodza limeneli ndinalinena zaka zitatu.

Tsiku linafika. Fanuel anabwereratu, ataonda, msana ukumuvuta. M'mawa wa tsiku limenelo ndinathamangitsira botolo pansi pa bedi, kuti politulutsa adzaone kuti latuluka pamalo pake. Ndinaitananso aneba anayi amene anamva maphunziro anga kwa nthawi yaitali, kuti adzalawe umboni.

Chotsegulira tinalibe, ndiye ndinagwiritsa sikuluwu ndi pulayazi. Chitsekerero chinangofumbutuka ngati chigumu chouma, theka n'kugwera mkati. Nditathira m'matambula, vinyo uja sanali wofiira. Anali wofiirira ngati madzi otsukira mbale za nyemba. Fungo lake linandikumbutsa viniga wothira pa tchipisi cha pamsika.

Ndinamwa ndine woyamba. Abale anga, nsagwada zinagwirana, misozi n'kulengeza. Koma anthu anayi anali kundiyang'ana, ndiye ndinatseka maso, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mukumva matabwa?" ndinatero. "Umenewu ndiye munda umodzi."

Aneba anamwa. Bambo Kalonga, wokonza maukonde, anatsokomola mpaka kugwira khoma, kenako mwaulemu anati, "Ee, aphunzitsi, zikumveka kuti n'zodula."

Fanuel ananunkhiza tambula yake nthawi yaitali. Analawa pang'ono, n'kuiika pansi. Kenako anatenga botolo lija n'kulitembenuza. Mbali imodzi ya chipepala inali yoyera mbee, zilembo zonse dzuwa litadya. Anayang'ana pawindo, pamene panali chizindikiro chozungulira pafumbi (kusesa sindinakuganizire), kenako anandiyang'ana ine.

"Mwina anakupusitsa azunguwo," ndinatero. Mawu amenewa ndi amene amandiwawa kwambiri mpaka lero.

"Ayi, achimwene," anayankha motsitsa. "Ndinalawapo kamodzi ali mumgolo. Ndinkafuna nanunso mumve chimene chinandithyola msana zaka zonsezi. Pofotokoza pafoni simukanamva."

Aneba anakumbukira mmodzimmodzi kuti asiya ntchito kunyumba. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo ndinapepesa, mochedwa. Fanuel anangoseka pang'ono n'kunena kuti dzuwa la ku Salima analisowa, sankadziwa kuti ndamusungira m'botolo. Vinyo wotsalayo mkazi wanga anathira mu kachumbali, ndipo sindinama, anakoma.

Fanuel sabwereranso ku Joni, ndipo botolo lina ngati limenelo silidzabweranso. Lopanda kanthulo ndinalitsuka bwinobwino. Ndinaligoneka chammbali pansi pa bedi, pafupi ndi mtsuko, pamdima, pozizira, ndipo palibe amene ndimamulola kulisuntha.