Galimoto Yomira ya Akamwini

Lolemba
Iwe amene watola kope ili, yankha. Galimoto ziwiri: ina yophwanyika kumaso, ina yosalala, yopanda ndi pokalika pomwe. Usankha iti? Usaname. Inenso ndasankha yomweyo.

Ndili ku Limbe, pabwalo pomwe a inshulansi amagulitsa galimoto zomwe azitaya. Pepala lazigawa patatu: zogundidwa koma zotheka kukonza, zopindika chasisi, zomira m'madzi. Mlamu wanga Fulaye, makaniko wa pa Namadzi, akuloza yophwanyika. "Alamu, chitsulo timawongola. Madzi sawongoleka." Ndamuuza mosapsatira: wailesi ndinaphunzira ndekha kukonza, ndipo madzi amauma. Yoyera ya m'gulu lachitatu ndi yanga.

Loweruka inyamula mkwatibwi, Esinati, mwana wa achemwali awo a akazi anga. Ndalonjeza kale kwa apongozi. Zaka fifitini pachikamwini akunditchulabe "aja a njinga." Zithe.

Lachiwiri
Lole ikutikoka kuchokera ku Limbe. Pamtunda woyang'ana kumudzi ndamasula chingwe, ndauza wa lole abwerere. Ndikutsetsereka ndekha mpaka pakhomo, chigongono pawindo. Apongozi akululutira. Sindinaname. Palibe wandifunsa ngati injini ikulira.

Lachitatu
Ndatsekula paliponse. Zomwe ndapeza:
matope m'nyali,
mchenga pansi pa kapeti,
oyilo wooneka ngati thobwa,
zigoba za nkhono zitatu,
fungo losaneneka.

Mipando ndayanika padzuwa pambali pa nandolo. Akazi anga: "Bambo a Chisomo, mwagula galimoto kapena dimba?" Ndawakalipira mpaka nkhuku kubalalika. Kenako ndakatunga madzi ndekha kumjigo, anthu akuona. Kupepesa kwanga ndi kumeneko.

Lachinayi
Fulaye wabwera ndi batire, wasintha oyilo. Yalira! Koma ndikaponda buleki, hutala ikulira. Ndikayatsa nyali, mawaipa akuvina. Fulaye akuti mawaya awola m'kati. Akuti mnzake ali ndi galimoto yoti tibwereke, palibe angadziwe. Ndamuuza kuti ine sindivala jekete la munthu wina. Wapita osatsanzika. Wasiya sipanala zake, ndiye kuti akudziwa kuti ndimuitananso. Zimenezi zandipweteka kwambiri.

Lachisanu
Mipando yauma, pamwamba. Ndaibwezera, ndayala zitenje, ndathira perefyumu botolo lonse. Tsopano ikununkha dimba lodzola perefyumu.

A tcheyamani a komiti ya ukwati akufunsa ngati asunge minibasi yapadera yomwe anabwereka, mwina yanga n'kukanika. Ndawafunsa ngati ndikuoneka ngati mwana. Aibweza. Maliboni amangidwa. Mtima sukukhazikika, koma pakamwa panga panatsogola kale.

Loweruka
Potuluka m'tchalitchi yalira nditangoiyatsa kamodzi kokha. Mkwati ndi mkwatibwi kumbuyo, ine tayi pakhosi. Tadutsa geti la mishoni. Pa mtengo wa mango yazima. Zitseko zadzikhoma zokha. Mawindo sakutsika. Hutala yayamba, siikusiya.

Dzuwa likuswa mtengo. Aperekezi a masuti akukankha, amayi akuimba kumbuyo, ife tikupsa m'katimo ngati mbatata. Mpaka kumudzi. Fulaye watitulutsira kubuti.

Esinati watsika. Diresi loyera, kumbuyo konse kwafiira. Siponji ya mpando inali ikadasunga madzi amatope, kudikira munthu woikhalira. Perekaniperekani wavina atamanga chitenje m'chiuno. Podutsa pomwe ndakhala wagwada pang'ono: "Musadandaule, bambo aang'ono, tafika." Bola akanandituka.

Lamulungu
Ku Misa sindinapite. Fulaye akumasula matayala ndi magalasi, akuti zimenezi zokha n'zogulitsika. Ndikumugwirira sipanala. Ndamuuza kuti ananena zoona. Wandiuza ndibwereze, akuti sanamve bwino. Ndabwereza.

Kwa apongozi ndatumiza tambala kudzera mwa akazi anga. Alandira. Ati njinga ija ndisagulitse.

Zonsezi ndavomera. Chimodzi chokha ayi. Kumjigo amayi apeka nyimbo, ikuti "Esinati wakwatiwa ndi matope kumbuyo." Mwana uja sanapite ku Limbe. Sanawerenge pepala la magulu atatu n'kusankha lachitatu. Sanabweze minibasi. Anangokhala pomwe ndinamuuza kuti akhale.

Amayi a kumjigo, nyimboyo imbani, ndi yokoma, ndayesa kuiimba ndekha. Koma muchotsemo dzina la mwanayo, muikemo langa. Mawa ndibwera kumjigo ndi chidebe kudzamva ngati mwakonza.